Kuchoka pa Peugeot kufika pa Sienta: mmene saluni inalamulira n'kugonja pa msewu wa ku Ntcheu

Ntcheu ili pafupifupi pakatikati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo woyenda pa M1 pakati pa mizinda iwiriyi amadutsa kwathu, afune asafune. N'chifukwa chake mtundu uliwonse wa galimoto umene unatchukapo m'Malawi muno unapondapo pa Lizulu, pa Mlangeni, pa Biriwiri, pa Boma, pa Kampepuza mpaka pa Chingeni. Makampani a ku France, ku Britain, ku Germany ndi ku Japan ankalimbirana msika ali m'maofesi awo kutali uko, koma mlandu wa galimoto yolimba ndi yofooka unkagamulidwa m'misewu ngati yathuyi, ndi anthu amene sanapondeko ku Paris kapena ku Nagoya.

Lero ndikufuna tikambe za saluni. Sindikunena kokonzetsa tsitsi ayi, ndikunena galimoto ija ya zitseko zinayi, mipando isanu ndi buti yakeyake kumbuyo. Kwa zaka zambiri, banja likagula saluni anthu ankati zawo zayera. Lero mnyamata akapata kangachepe amathamangira Sienta, Probox kapena njinga yamoto ya kabaza, saluni n'kutsala ikuwauka ndi dzuwa pamalo ogulitsira magalimoto. Zinatheka bwanji? Nanga inu amene mukusunga ndalama ya galimoto yoyamba, mbiriyi ikukuuzani chiyani?

Phula lisanafike

M'nthawi ya atsamunda galimoto kwathu inali ya anthu owerengeka: bwanankubwa wa pa Boma, azungu a mishoni, amwenye a masitolo. Munthu wamba ankayenda wapansi, panjinga, kapena pa basi. Matchona obwerera ku Joni ndi ku Harare ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera ndi mabulangete. Galimoto inali maloto akutali. Ngakhale njira ya ku migodiyo inadzatsekeka kwa kanthawi mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu opita ku migodi.

Zinthu ziwiri zinasintha Ntcheu. Choyamba ndi phula la msewu wochokera ku Zomba kupita ku Lilongwe, limene linaikidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Chachiwiri ndi kusamuka kwa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Mwadzidzidzi akuluakulu a boma, a makampani ndi a mipingo anayamba kudutsa kwathu mlungu ndi mlungu. Ankaima pa Lizulu kugula kabichi, tomato ndi mbatatesi, n'kudzaza buti. Msika wa pa Lizulu unakula ndi mabuti a saluni amenewa.

Koma phula linali la msewu umodzi basi. Ukangopatuka kulowera ku Tsangano, ku Gowa kapena kutsika kumunsi kwa Bwanje, unkakumana ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, miyala ndi zitunda za m'mapiri a Kirk Range. Galimoto yokongola pa M1 inkayenera kukayesedwa kumeneko ikamakatula mayi kumudzi kapena kunyamula anthu a ku maliro.

Ufumu wa Peugeot

Amene anayamba kukhoza mayeso amenewa anali a ku France. Peugeot 404 inatuluka mu 1960, ndipo inapambana mpikisano woopsa wa East African Safari kanayi: mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mpikisanowu unkadutsa m'misewu ya fumbi ndi matope ya ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, yofanana ndi yathu. Kwa wogula wa kuno, zimenezi zinali umboni woposa malonda a pa wailesi.

Mu 1968 kunabwera mng'ono wake, Peugeot 504, imene anthu kwathu ankangoitchula kuti Pijo. Inasankhidwa kukhala galimoto yapamwamba ya chaka ku Ulaya mu 1969, ndipo mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo Safari. Chinsinsi chake sichinali chovuta kumvetsa. Inali yokwera pansi, yosakhula msanga pa miyala. Inkakankha ndi matayala a kumbuyo, choncho ukaisenzetsa katundu m'buti m'pamene inkagwira bwino pa chitunda. Masipuling'i ake ankameza mabampu moti agogo ankatha kugona tulo pa msewu wa fumbi. Injini yake inali ya kabuleta, yoti makaniko wa pansi pa mtengo wa mango ankaimasula ndi masipanala ochepa, kuitsuka ndi petulo, n'kuibwezera dzuwa lisanalowe. Ku France anasiya kupanga saluniyi mu 1983, koma ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000. Ndiuzeni galimoto ina ya ku Ulaya imene Africa anaikakamira chotero.

Malume anga, amene anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale, anali ndi 504 yoyera yogula kwa munthu. Ndinaipeza itakalamba kale, chitseko china chikutsekulidwa ndi waya, koma inali ambulansi ya mudzi wonse. Amayi oyembekezera, odwala malungo, mkwati ndi mkwatibwi, ngakhale bokosi la maliro lomangirira pamwamba, zonsezi inanyamulapo. Galimoto ya banja masiku amenewo inali ya fuko.

Dzina la Peugeot lilinso pa tsamba lowawa la mbiri yathu. Mu May 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma linalengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto. Galimotoyo inali Peugeot 604, mkulu wake wa 504. Zimenezi zikukuonetsani gulu la anthu limene linkakwera magalimoto a kampaniyi nthawi imeneyo.

Ajapani alowa m'bwalo

Poyamba anthu ankanyoza magalimoto a ku Japan kuti ndi zitini. Koma mu 1970 Datsun 1600 inapambana Safari, ndipo kuyambira 1979 mpaka 1982 Shekhar Mehta wa ku Kenya anapambana kanayi motsatizana ali pa chiwongolero cha Datsun. Mitengo ya mafuta itakwera pa dziko lonse mu 1973, galimoto yomwa pang'ono inasanduka ya nzeru. Datsun 120Y, Toyota Corolla, Toyota Corona ndi Mazda zinayamba kuoneka pa M1. Chosangalatsa n'chakuti Ove Andersson yemwe uja, amene anakweza dzina la 504, ndi amene ankatsogolera timu ya Toyota imene inadzapambana Safari mu 1984, 1985 ndi 1986.

Pa masaluni akuluakulu a banja, amene anagwetsa Peugeot anali Toyota Cressida, imene ku Japan inkatchedwa Mark II. Inkalumikizidwanso ku Durban, ku South Africa, ndipo inali ndi zonse zimene anthu ankakondera 504: kukankha ndi matayala a kumbuyo, buti yaikulu, injini yosadwaladwala. Pamwamba pa izo, zamagetsi zake sizinkavuta. Pa 11 February 1990, Nelson Mandela atatuluka m'ndende ya Victor Verster, galimoto imene inamunyamula inali Cressida. Kuno kwathu, aliyense wa zaka zopitirira 40 adzakuuzani za Cressida ina yake imene inkadziwika dera lonse, ndi mwini wake yemwe.

M'zaka za m'ma 1980 munachitikanso china chimene chinaphunzitsa anthu tanthauzo la kudalirika. Nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wathu n'kumazungulira mtunda wautali kuchokera ku Durban. Ife a ku Ntcheu nkhondoyo tinkaionera pakhomo, poti pa Lizulu ndi pa Biriwiri msewu ndiwo malire: uku Malawi, uko Mozambique. Othawa nkhondo anadzaza m'midzi mwathu, ndipo dziko lonse linasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992. M'nyengo imeneyo chilichonse chochokera kunja chinkabwera mochedwa ndiponso modula. Galimoto yofuna sipeya kawirikawiri inkathera pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Yosafuna zambiri inkayendabe. Ajapani anapambanira pamenepo.

1994 ndi kaunjika wa magalimoto

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, Bakili Muluzi n'kulowa m'boma, malonda anamasuka. Kwacha inali itasiyidwa kale kuti izidziyendera yokha pa msika, malamulo oitanitsa katundu anafewa, ndipo anthu wamba anayamba kukatenga magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku Durban, ku Dubai ndi ku Dar es Salaam. Mabasi a Stagecoach, amene analowa m'malo mwa UTM, anadzasanduka Shire Bus Lines, ndipo kenako anatha. Maminibasi anatenga msewu.

Kodi n'chifukwa chiyani magalimoto akalewa ankachokera ku Japan, osati ku France? Pali zifukwa ziwiri. Ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero chili kumanja, pamene a ku France amayendetsa kumanja. Chachiwiri, ku Japan kuli lamulo loyeza galimoto lotchedwa shaken: galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kodula. Anthu ambiri amaona chanzeru kugulitsa galimoto ikadali yabwino n'kugula ina. Zimene Mjapani watopa nazo zimakwera sitima, n'kudzakhala zatsopano kwa ife. Peugeot inalibe mtsinje woterewu wa magalimoto otchipa a chiwongolero cha kumanja, ndipo pang'onopang'ono inazimirira m'misewu yathu.

Zaka zimenezo ndiye zinali za Corolla, Sprinter, Carina, Corona, Camry, Nissan Sunny ndi Bluebird. Aphunzitsi a sekondale, anamwino, alangizi a zaulimi, ngakhale alimi a mbatatesi a ku Tsangano, anayamba kuyendera nambala ya NU. Ogulitsa magalimoto atsopano m'tauni anatsala ndi boma, mabungwe ndi makampani. Munthu wogula ndi ndalama ya m'thumba mwake anapita ku kaunjika, monga mmene anachitira ndi zovala.

Kenako kunabwera intaneti. Kampani ya Be Forward, imene inayamba ku Tokyo mu 2004, ndi ena onga SBT Japan, anachititsa kuti munthu asankhe galimoto pa foni ali pa Mphate, alipire ku banki, n'kudikira kuti ifike pa doko la Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko imabwera ndi nambala ya IT, kudutsa pa Songwe, kumene a MRA amawerengera msonkho poyang'ana mtengo wake, kukula kwa injini ndi zaka zake. Msika wa Malawi unakoma moti Be Forward inafika pothandiza timu ya mpira ya Wanderers, imene inatenga ligi mu 2017 ikutchedwa Be Forward Wanderers. Tangoganizani, kampani yogulitsa magalimoto akale dzina lake kumaimbidwa m'masitediyamu.

Mpikisano womaliza wa masaluni

Mu December 2001 Toyota inathetsa Corona ndi Carina, n'kuika Premio ndi Allion m'malo mwake. Patapita zaka, awiriwa anafika kuno n'kukhala saluni ya munthu wodzilemekeza. Achinyamata okonda liwiro ankalota Mark X, imene inalowa m'malo mwa Mark II mu 2004. Opikisana nawo analipo: Nissan Bluebird Sylphy ndi Teana, Mazda Atenza, Honda Accord, Subaru Legacy, komanso Mercedes-Benz C-Class ndi BMW zakale, zimene mtengo wake pa intaneti unkaoneka wotsika mokopa.

Apa m'pamene ambiri anaphunzira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Galimoto ya ku Germany ikayatsa kanyali pa dashibodi imafuna makina a kompyuta ndi sipeya yoitanitsa ku Joni. Ngakhale Toyota yomwe inali ndi mbali yake yovuta: injini zina zotchedwa D-4 zinkadana ndi mafuta akuda, ndipo giyabokosi ya CVT, imene ili m'ma Premio ndi Allion a kuyambira 2007, imafuna oilo wakewake. Ukathiramo wamba chifukwa ndi amene wapezeka pa shopu, wadziitanira mavuto.

Komabe Toyota inatsogola, ndipo chifukwa chake chili pansi pa boneti. Injini ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ imapezeka mu Premio, mu Allion, mu Corolla Axio ndi Fielder, mu Probox, ngakhale mu Sienta. Ndiye kuti sipeya imodzi imalowa m'magalimoto ambirimbiri. Wa shopu ya masipeya pa Boma saopa kuisunga poti akudziwa kuti igulidwa. Makaniko waimasula kambirimbiri moti angaimange ali m'tulo. Galimoto ikachita ngozi, ziwalo zake zimakapatsa moyo zinzake khumi. Ine ndimati kudalirika kwa galimoto ku Ntcheu kumapangidwa ndi anthu atatu: injiniya wa ku Japan, wa shopu ya masipeya, ndi makaniko wa pa galaja. Mmodzi akasowapo, galimoto yabwino ija yasanduka khola la nkhuku.

Mafuta, kwacha ndi mpando wachisanu ndi chiwiri

Saluni sinagonje kwa saluni inzake. Inagonja kwa masamu a m'thumba. Kumbukirani mizere ya pa malo omwetsera mafuta ya 2011 ndi 2012, imene inali chimodzi mwa zifukwa za zionetsero za pa 20 July 2011. Mu May 2012, boma la Joyce Banda litangolowa, kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu May 2022 inatsitsidwanso ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700 ku banki. Galimoto timagula ndi dola, sipeya ndi dola, mafuta ndi dola, koma malipiro timalandira m'makwacha. Onjezanipo geti yolipiritsa ya pa Chingeni, imene inayamba mu November 2021. Galimoto yongonyamula bambo, mayi ndi ana kupita ku tchalitchi Lamulungu inakhala katundu wolemera. Inayenera kuyamba kudzidyetsa yokha.

Pa ntchito imeneyo saluni ili ndi chilema. Mipando ndi isanu, buti ndi yotsekeka, thumba la mbatatesi la ku Tsangano lija losokerera pamwamba silikwanamo bwino. Toyota Sienta, imene inatuluka mu 2003, ili ndi mipando isanu ndi iwiri, zitseko zokoka ngati minibasi, ndi injini yomwe ija ya 1.5. Probox, ya 2002, ndi bokosi loyenda. Honda Freed inabwera mu 2008 ndi nzeru yofananayo. M'mawa imatula ana ku sukulu, masana ili pa siteji oitanira akukuwa za ku Dedza kapena ku Balaka, madzulo yanyamula makabichi. Zoti amapanikizamo anthu kuposa mipando tonse tikuzidziwa, ndipo ngozi za pa M1 zatilanda abale ambiri. Chimenecho ndi chilonda cha nthawi yathu ino, sindingachikometse.

Ulemu nawonso unasamuka. Pitani ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo, kwa Inkosi ya Makosi Gomani V, mukaone zimene akuluakulu amabwerera: Prado, Fortuner, Hilux, Ranger. Wolemera anakwera m'mwamba, wosauka anapita ku Sienta, Mira ndi kabaza. Saluni inatsala pakati yokhayokha, ngati mmene atsalira anthu a malipiro a pamwezi amene ankaigula.

Mtsinje ukuphwa ku gwero

Izi sizikuchitika kuno kokha. Ku America, kumene saluni ya banja inali bwalo lalikulu la nkhondo, Honda Accord inatsogola pa malonda kuyambira 1989 mpaka 1991, Ford Taurus kuyambira 1992 mpaka 1996, kenako Toyota Camry inalanda mpando mu 1997 n'kuukhalira zaka zambiri. Koma mu 2017 Toyota RAV4 inagulidwa kuposa Camry. Ford inasiya Fusion mu 2020 ndi Mondeo ya ku Ulaya mu 2022, ndipo Chevrolet inasiya Malibu mu 2024.

Chotikhudza kwambiri ife ndi cha ku Japan. Mark X inatha mu December 2019. Premio ndi Allion zinatha mu March 2021. Camry inasiya kugulitsidwa m'dzikomo kumapeto kwa 2023. Popeza ife timadya zotsala za Japan patapita zaka zisanu ndi zitatu, khumi kapena kuposerapo, zimene asiya kupanga lero ndi zimene tidzasowe mawa. Premio ya 2021 ndiyo chitsiriza, ilibe mng'ono. Zimene zikubwera m'mbuyo mwake zambiri ndi za hybrid, zokhala ndi batire lalikulu ndi magetsi oopsa kugwira ndi manja. Toyota Aqua ndi Honda Fit za mtundu umenewu zayamba kale kuoneka m'misewu yathu. Makaniko amene anaphunzira pa kabuleta ya 504, n'kudzazolowera 1NZ, ayenera kuphunziranso kachitatu. Kwa wachinyamata wa ku Ntcheu amene akufuna luso la manja, mpata ndi umenewo. Amene ayambe msanga kudziwa mabatire ndi makina oyezera galimoto sadzagona ndi njala.

Kwa inu amene mukusunga ya galimoto yoyamba

Sindikukuletsani saluni. Pa ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, Premio kapena Camry yosamalidwa bwino imakhazikika pa msewu kuposa Sienta, ndipo popeza anthu akuithawa, nthawi zina mutha kuipeza pa mtengo wabwino. Koma safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama, yendani kaye pa mashopu a masipeya a pa Boma, mufunse ngati ali ndi mabuleki, mashoko ndi fyuluta ya galimoto imene mwaikondayo, ndi mtengo wake. Funsani makaniko wanu kuti injini imeneyo waimasulapo kangati. Werengerani msonkho wa MRA ndi ulendo wochokera ku doko musanasangalale ndi mtengo wa pa foni. Ganizirani msewu wopita kwanu kwenikweni, kumene kuli agogo, m'mwezi wa February mvula ili pakati. Ndipo dzifunseni moona mtima ngati galimotoyo muzidzaidyetsa ndinu kapena izidzakudyetsani.

Peugeot, Cressida ndi Premio zinalamulira chifukwa chilichonse pa nthawi yake chinkayankha bwino mafunso amenewa. Zitasiya kuyankha, anthu a ku Ntcheu sanachite mwambo wotsanzikana nazo, anangogula zina. Ngati kwanu kuli 504 kapena Cressida imene ikuyendabe, kapena ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, ijambuleni, mufunse akuluakulu kuti inabwera liti, inagulidwa ndi ndalama ya chiyani, inanyamulapo ndani. Mudzapeza kuti mbiri ya banja lanu yambiri ili m'galimoto imeneyo, ndipo amene akuikumbukira akutha mmodzimmodzi.